Mmene Makina a Eneless Daka Anayambiranso Kupeta

Ku Mtendere, ukadutsa msika n'kukhotera kanjira kamene kali ndi mpope wa madzi, pali nyumba ya midadada yokhala ndi kakhonde kotchingidwa ndi malata. Anthu a kumeneko sakulozera ndi nambala. Amangoti upite kumene kukumveka phokoso ngati la matalala padenga, pamenepo ndiye pa amake Tamara. Phokosolo ndi la makina opeta, ndipo mwini wake ndi a Eneless Daka, mayi wamfupi wa mawu aakulu kuposa thupi lake, amene magalasi awo amakhala kunsonga ya mphuno ngati akufuna kugwa koma sagwa.

A Eneless anabadwira ku Katete. Ku Lusaka anabwera atakwatiwa ndi a Whyson Daka, bambo wofatsa amene ankagwira ntchito ya ulonda. Sukulu anailekera panjira, koma anatolako Chingelezi chokwanira kuwerenga nyuzipepala ndi kukangana ndi kondakitala wa minibasi. Kusoka anaphunzira pa makina opalasa ndi phazi, ndipo manja awo atadziwika analembedwa ntchito pa kampani ina yosoka mayunifolomu. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi makina opeta, aja amene amalemba mabaji a sukulu ndi maluwa pansalu okha, munthu ali chiimire. Amayi ena ankawaopa. A Eneless anawakonda tsiku loyamba lomwelo.

Kampaniyo itatsekedwa, mwini wake anawasiyira makinawo pamodzi ndi kompyuta yake. A Whyson anazikankha pa wilibala kuchokera pamsewu waukulu mpaka kunyumba, thukuta lili kamukamu, mkazi wawo akuyenda pambali n'kumawauza maenje oti apewe ngati iwo alibe maso. Makinawo a Eneless anawatcha dzina loti Deborah, pokumbukira mayi wa m'Baibulo uja amene ankangokhala pamalo amodzi anthu n'kumabwera okha. Ndipo anthu anabweradi: masukulu, makwaya, amayi a chigwirizano, matimu a mpira a m'komboni, ngakhale akwati ofuna mayina awo pa mapilo. A Whyson atamwalira, Deborah ndi amene analera ana. Tamara, mwana woyamba, anachita kuwerengera mayeso ake onse pakati pa phokoso limenelo mpaka anakhala namwino n'kukwatiwa ku Chilenje.

Kagwiridwe kake kanali kosavuta kumva. Chithunzi chimajambulidwa pa kompyuta, kenako chimayenda m'chingwe kupita ku makina, singano n'kuyamba kuvina. Kompyutayo inali ndi Windows yakalekale, ndipo pulogalamu yolankhula ndi makinawo inali momwemo. A Eneless sanaganizepo kuti zinthu ziwirizi zingasiyane, monga mmene munthu saganizira za lilime lake kufikira tsiku limene aliluma.

Analiluma chaka china m'nyengo yotentha. Kompyutayo inatulutsa kafungo ka chinthu chopserera, sikirini n'kuda bii, osadzukanso.

Anainyamula pamutu mpaka kumsika kwa a Chrispin Chisala, amene amakonza mafoni ndi makompyuta m'kakontena kobiriwira. A Chisala ndi Mbemba wa ku Kasama, ndipo aliyense ku Lusaka amadziwa kuti Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ngati a Eneless ndi pachimbuya: amanyozana poyera popanda wokwiya, koma pa maliro a wina, mnzakeyo ndiye amagwira fosholo. Choncho a Chisala anayamba afunsa kaye ngati m'kompyutamo simunalowe mbewa zothawa mphika wa a Eneless. A Eneless anayankha kuti mwina ndi anyani a ku Kasama amene anaikhalira. Atatha zimenezo, a Chisala anaitsegula, n'kusiya kuseka. Zonse za m'kati zinali zitapsa, pulogalamu ija inapita nazo, ndipo kampani imene inapanga makinawo inatha kalekale kwawo komweko. Panalibe koti n'kukapempha ina.

Tamara atamva anabwera Lamlungu, atanyamula buledi ndi nkhani imene anaikonza bwino panjira. Anati amayi ake agwira ntchito mokwanira, kakhondeko kamadontha chaka chilichonse, ndipo ku Chilenje kuli chipinda chongokhala. Makinawo angagulitsidwe kwa ogula zitsulo.

"Mami, mvula ikayamba nizabwela na motoka. Simungankale mweka kuno na makina yakufa," anatero.

Mwanayo sankanena mwa chipongwe, ankanena mwa chikondi, ndipo n'chimene chinawawa kwambiri, chifukwa chikondi n'chovuta kukangana nacho. Koma a Eneless anali ataona mnzawo wina wa ku chigwirizano atatengedwa ndi ana ake kupita ku nyumba ya mpanda wautali. Ananenepa, inde, koma anasanduka munthu wopempha chilolezo ngakhale chothira mchere m'ndiwo. A Eneless anachita mantha, mantha enieni. Anadziwa kuti Deborah akapanda kudzuka mvula isanagwe, iwo adzakwera galimoto imeneyo, ndipo ku Mtendere sadzabwererakonso.

Anapitanso kwa a Chisala n'kukhala pa benchi osawanyoza n'kamodzi komwe, zimene zinadabwitsa msika wonse. A Chisala anakanda mutu, n'kutulutsa kompyuta ina yakale imene inali pansi pa tebulo. Anafotokoza kuti Windows ya masiku ano siingalowe m'chinthu chokalamba chotero, koma pali njira ina yoyendetsera kompyuta yotchedwa Linux, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense amaitenga ulere. Momwemo muli pulogalamu yojambulira zopeta. Anavomera kuti iwo za ulusi sadziwako kanthu, kwawo n'kuika basi. Atayatsa, panaoneka chithunzi cha kambalame konenepa kakuda ndi koyera, ndipo a Chisala anawachenjeza kuti kameneko si ndiwo.

A Eneless sanakhulupirire zoti chinthu chabwino chingakhale chaulere. Anakula akudziwa kuti munthu akakupatsa nkhuku mosayembekezera, mawa abwera kudzafunsira mwana wako. Koma wogwa m'madzi sasankha chogwira, choncho anainyamula.

Masiku oyamba anali ngati kuphika m'khitchini ya eni. Chilichonse chinalipo, koma osati pamene dzanja linazolowera. Akafuna kutseka amatsegula, akafuna kusunga chithunzi chimakabisala kwina. Anaikalipira kompyutayo m'Chichewa cha ku Katete, anaikalipiranso m'Chinyanja cha m'tauni, mpaka oyandikana nawo anaganiza kuti kwabwera mlendo wosamva. Koma mayiyu ali ndi khama la nyerere. Pang'onopang'ono dzanja linayamba kupeza njira. Kenako anakumbukira kafulashi kosungiramo zithunzi kamene a Whyson anawagulira kale, kamene kanali kadakali pa mphete ya makiyi a malemuwo. Atakalowetsa, mabaji onse a zaka zambiri anatseguka pa sikirini yatsopanoyo, mkango wa sukulu ina, nkhunda ya kwaya, mtanda wa chigwirizano. A Eneless anaimba nyimbo ya kutchalitchi okhaokha pakhondepo.

Chimwemwecho chinathera pa chingwe. Analumikiza, anadina potumizira, Deborah ali duu. Anazula, analumikizanso, anapukuta fumbi, anapemphera. Makinawo sanagwedeze ngakhale singano.

A Chisala anati apa nzeru zawo zathera, koma safunsa anadya phula. Anawatsegulira pa intaneti bwalo limene anthu ogwiritsa ntchito pulogalamuyo amakumana n'kumathandizana, anawalembetsa dzina, n'kuwauza kuti alembe pamenepo ndipo wina ayankha.

Apa ndi pamene a Eneless analakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kunali kwa munthu woleredwa bwino. Kwawo munthu safika pakhomo la eni n'kuyamba kukhuthula mavuto ali chiimire. Umaodira, umapereka moni, amakupatsa mpando, amakufunsa za kumene wachokera, ndipo mwini nyumba ndiye amati, kaya mwatiyendera. Choncho anavala magalasi bwinobwino n'kulemba m'Chingelezi chawo chonse. Anapereka moni kwa akuluakulu a pabwalopo, amuna ndi akazi. Anadzitchula dzina ndi kumene amakhala. Anafunsa ngati onse adzuka bwino pamodzi ndi ana. Za makina sanatchulepo n'kamodzi komwe. Atatero anapinda manja n'kudikira kuti apatsidwe mpando.

Tsiku linapita, lina linapitanso. Kenako kunabwera yankho la mzere umodzi lochokera kwa munthu wosadziwika, lowalozera ku tsamba lofotokoza kafunsidwe ka mafunso. A Eneless anamva ngati munthu wawatsegulira chitseko pang'ono, n'kuwapatsira kapepala pampata, n'kutsekanso. Anaganiza kuti mwina moni wawo unachepa ulemu, ndiye analemba wina wautali kuposa woyamba. Umenewo sunayankhidwe n'komwe.

Anakwiya zedi. Anauza a Chisala kuti anthu awo a ulere aja ndi opanda mwambo, analeredwa ndi makina osati ndi amayi. A Chisala sanaone zimene zinalembedwazo, choncho anangoseka n'kunena kuti mwina anthuwo amva fungo la mbewa. A Eneless anabwerera kunyumba, anafunditsa Deborah chitenje, ndipo kwa masiku angapo kompyuta sanaiyatse. Uku kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana masana alionse, kutentha kukuchita kufinya. Makasitomala ankabwera, n'kuona chitenjecho, n'kubwerera mwaulemu ngati afika pa nyumba ya odwala.

Chimene chinawayatsitsa kompyuta tsiku lina sichinali chiyembekezo. Ankafuna kukafufuta dzina lawo pabwalopo kuti asasiye phazi pakhomo la anthu amwano. Koma pansi pa moni wawo wachiwiri panali yankho, ndipo silinali la Chingelezi.

"Tauka bwino mayo, na bana bonse bali bwino. Kaya imwe ku Mtendere? Nkalani pansi. Manje tiuzeni, mwabwela na vuto bwanji?"

Wolembayo anali Mukupa, mayi wa ku Kitwe amene amasamalira makompyuta pa sukulu ina kumeneko. Anali atadutsa pabwalopo pa zifukwa zake, n'kuona dzina loti Daka ndi moni wopanda funso, ndipo anazindikira nthawi yomweyo kuti uyu ndi mlendo amene waima pakhomo kudikira mpando. A Eneless anawerenga kawiri, anavula magalasi, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Anapatsana manambala n'kulankhulana pa foni. Mukupa anafotokoza kuti anthu a pabwalopo si amwano. Ndi ambiri, ali m'mayiko otalikirana, wina akamadzuka wina akugona, ndipo aliyense amangodutsapo kanthawi kochepa akaweruka ku ntchito yake. Akapeza vuto lofotokozedwa bwino amaligwira pomwepo, koma akapeza moni wokha sadziwa choti agwire. A Eneless anafunsa kuti nanga amawalipira ndani. Mukupa anati palibe. Anafunsanso kuti mwini wake wa zonsezi ndani. Mukupa anati palibenso, aliyense amabweretsa chimene ali nacho.

A Eneless anakumbukira maliro a a Whyson, mmene amayi ena amene sanawadziwe n'komwe anafikira ndi nkhuni pamutu, osapereka moni wautali kwa aliyense, n'kungozungulira kuseri kwa nyumba kukafunsa kumene kuli mpeni. Anakumbukira a Chisala ndi Abemba anzawo akukumba manda.

"Oho, kansi ni monga pa malilo," anatero. "Munthu sufika na ma moni yambili, ufika na nkhuni."

Mukupa anaseka n'kuvomera kuti iye sanaganizepo choncho, koma n'zomwezo.

Tsiku lomwelo a Eneless analembanso. Anajambula makinawo kutsogolo ndi kumbuyo, anajambula chingwe ndi kachitsulo kolembedwa mtundu wa makinawo, anafotokoza chimene anachita ndi chimene kompyuta inayankha, Mukupa akuwongola Chingelezi apo ndi apo. Moni sanausiye, poti munthu sasintha khungu chifukwa cha kompyuta, koma anaufupikitsa kukhala mzere umodzi pamwamba. Dzuwa lisanalowe anthu anali atayamba kuyankha. Wina anaona kuti kompyutayo sinali kuwalola a Eneless kugwiritsa ntchito khomo la chingwecho, n'kuwapatsa mawu oti alembe pa kawindo kakuda. Analemba ndi chala chimodzi, akuyang'ana chilembo chilichonse ngati akusankha mpunga. Atadina, Deborah anatsokomola, singano inatsika, n'kuyamba kuthamanga pansalu.

Anali atatsegula kale pakamwa kuti alulutire pamene makinawo anaima. Anapeta tsamba lobiriwira la duwa n'kulekera pomwepo. Anayesanso, zomwezo. Baji ya theka palibe sukulu ingaigule.

Pamenepo panatulukira munthu wina amene analemba kuti mbali ya pulogalamu yolankhula ndi makina a mtundu umenewo anailemba ndi iye, koma makinawo sanawaonepo ndi maso, anangotsatira mapepala akale. Anapempha ngati a Eneless angalole kuyesa zimene azitumiza. Vuto linali limodzi. Pabwalopo aliyense amaika kachithunzi pambali pa dzina lake, ndipo bamboyu anaika kadzidzi, maso ali tong'o. A Eneless anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe. Mbalame imene ikalira padenga anthu amayamba kuwerenga odwala a m'nyumbamo, lero ikhale yowalangiza pa makina odyetsa banja? Mukupa anawatsimikizira kuti kwawo kwa bamboyo kadzidzi ndi chizindikiro cha nzeru. A Eneless anati dziko lililonse lili ndi misala yake. Anadula kansalu, anakamata pa sikirini pamene kadzidziyo amaonekera, ndipo atatero anayamba kugwira naye ntchito bwinobwino.

Inali ntchito ya kuleza mtima. Bamboyo amatumiza chosintha, a Eneless amachiika motsogozedwa ndi Mukupa, amayesa pa zidutswa za nsalu, n'kubweza yankho. Magetsi akazima amadikira, akayaka amathamangira pakhonde ngakhale ndiwo zili pamoto. Poyesayesa anazindikira kuti Deborah saima paliponse, amaima pamene akuyenera kusiya ulusi wa mtundu wina n'kutenga wina. Anajambula kanema pa foni, kuti bamboyo aone ndi kumva yekha. Iye anasangalala kwambiri, n'kufunsa ngati pali zithunzi zakale zimene pulogalamu yoyamba ija inasunga. A Eneless anamutumizira za m'kafulashi ka a Whyson, ndipo mmenemo bamboyo anapeza chizindikiro chimene makinawo amadikira asanasinthe ulusi. Uyu anali ndi makina opanda nzeru ya kulemba pulogalamu, uyo anali ndi nzeruyo wopanda makina. Mutu umodzi susenza denga.

Komabe sizinatheke msanga. Kuyesa kwina ulusi unapiringizana pansi pa nsalu ngati chisa cha mpheta. Kwina singano inathyoka n'kudumphira m'kapu ya tiyi. A Eneless anayamba kukonda kulemba malipoti awo, ndipo anthu a pabwalopo anayamba kuwadikira, chifukwa mayiyu akafotokoza kulephera amachita kukometsa. Wina wa kudziko lakutali anafika pophunzira kulemba kuti muli bwanji. Koma Lachinayi lina masana kunagwa timadontho toyamba, fungo la dothi lonyowa n'kudzaza komboni yonse, ndipo kakhonde kanadontha pamalo ake a chaka chilichonse. Madzulo ake Tamara anaimba foni kunena kuti galimoto wapeza, abwera Loweruka.

Loweruka m'mawa chosintha chatsopano chinali chitafika, koma magetsi kunalibe. A Eneless anakhala patsogolo pa sikirini yakuda atavala diresi ya kutchalitchi, manja ali pamiyendo. Tamara anafika ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo, anapereka moni, anayang'ana beseni lolandira madzi odontha, ndipo posafuna kukangana anayamba yekha kulongedza mapoto m'makatoni. A Chisala nawo anabwera, akuti kudzaonetsetsa kuti wa kum'mawa asabe njerwa za ku Mtendere pochoka, koma nthabwalayo sinawakomere ngakhale eni akewo. Makatoni anayamba kukwera m'galimoto. A Eneless sanaletse, sanathandizenso. Mumtima ankangoti, Ambuye, ndipatseniko kanthawi kochepa chabe.

Chakumasana kunamveka mfuu ya ana kuchokera kumsika, ikuyenda nyumba ndi nyumba monga imachitira nthawi zonse magetsi akabwera. Firiji ya oyandikana nawo inayamba kulira. A Eneless anayatsa kompyuta, anaika chosinthacho mosathamanga, anakunga nsalu yoyera pa chimango, n'kusankha duwa lomwe lija la mitundu itatu. Tamara anatuluka m'nyumba atanyamula mphika waukulu n'kunena mofatsa kuti dalaivala akudikira.

"Leka aniyembekeze," anatero a Eneless, n'kudina.

Singano inathamanga ndi ulusi wobiriwira, inamaliza tsamba, n'kuima. Pakhondepo panali zii. A Chisala anayang'ana pansi. Kenako mutu wa makinawo unasuntha pang'ono cha kumbali, kunamveka kakuti kha, ndipo ulusi wofiira unatsika n'kuyamba kudzaza duwa. Utatha wofiira, Deborah anatenga wachikasu yekha popanda womukhudza, ngati sanadwalepo.

A Eneless analulutira mpaka nkhuku za eni zinabalalika. A Chisala anavina pamatope ndi nsapato zawo za kumsika. Amayi oyandikana nawo anatuluka ndi thovu la sopo m'manja, poti phokoso lija anali atalisowa osadziwa kuti alisowa. Tamara yekha ndiye sanasunthe. Anaima ndi mphika uja pachifuwa, akumvetsera phokoso limene linamulipirira sukulu, limene ankagona nalo ali mwana, ndipo misozi inatsika osaipukuta. Anaika mphikawo pansi, anapita kukatsitsa makatoni onse, n'kulankhula ndi dalaivala. Galimotoyo inachoka yopanda kanthu. Inabweranso dzuwa likupendeka itanyamula malata atsopano a kakhonde.

Sabata yotsatira a Eneless anavutika ndi funso la kuthokoza, chifukwa kwa iwo zikomo wa pakamwa pokha ndi ngongole ya ulemu yosatha. Bambo wa kadzidzi uja anakana chilichonse, anati iye ndi amene ayenera kuthokoza, popeza tsopano aliyense wokhala ndi makina a mtundu umenewo padziko lonse adzapeta bwino, ndipo dzina la Eneless Daka analilemba pakati pa amene anathandiza. A Eneless anaganiza tsiku lonse. Kenako anamatula kansalu kaja pa sikirini, anamuyang'anitsitsa kadzidziyo maso ndi maso, anamujambula, n'kumupeta pa nsalu yabuluu ndi mitundu yonse ya ulusi imene anali nayo. Chithunzi chake anachiika pabwalo. A Chisala mpaka lero amauza aliyense kumsika kuti anaona ndi maso awo mayi wa ku Katete akupeta kadzidzi masanasana, ndipo dziko silinathe.

Masiku ano kakhondeko sikadonthanso, ndipo masukulu anabwerera. Chipinda cha ku Chilenje a Eneless amagonamo akapita kukaona zidzukulu, n'kubwerako m'mawa mwake chifukwa ntchito ikudikira. Pabwalo paja amadutsapo tsiku lililonse akamamwa tiyi. Za mawu a pa kawindo kakuda amasiyira eni ake, koma funso likakhala la ulusi woduka kapena nsalu yokwinyika, amayankha motalika ndi mokalipa pang'ono, monga amachitira ndi aliyense amene amamukonda.

Tsiku lina mvula ikugwa pa malata atsopanowo, Deborah akupeta mabaji a kwaya, anapeza uthenga wa bambo wina wa ku Tete. Anali atapereka moni kwa akuluakulu onse, atadzitchula dzina, atafunsa za ana, osatchula vuto lililonse, ndipo panalibe amene anamuyankha. A Eneless anakankhira magalasi m'mwamba, anasendeza mpando pafupi, n'kuyamba kulemba ndi chala chawo chimodzi chija kuti adzuka bwino, ana onse ali bwino, alowe akhale pansi.